Asekuru a Msiska, Mdani wa Phokoso

Mwezi watha chiwaikireni Asekuru, agogo anga aamuna, m'manda, koma mawu a abusa akundivutabe. Pa mwambo wa maliro anati Area 23 yataya munthu wamtendere. Nditamva zimenezi ndinasuzumira kumene kunakhala azibambo, ndipo ndinaona amalume a Wongani atawerama, lilime likuyendayenda pamene panachoka dzino lawo lakutsogolo. Dzino limenelo analigulula ndi Asekuru, bambo awo owabereka, ndi kuseri kwa dzanja. Sindikuti abusa ananama, mwina pa maliro ndimo amalankhulira. Koma ine ndikufuna kulemba za munthu amene tinali nayedi, ngakhale anali woopsa, chifukwa ndikhulupirira kuti weniweniyo ndiye woyenera kumukumbukira.

Dzina lawo linali a Yotamu Msiska, kwawo ku Rumphi, koma muno ankadziwika kuti a Ovaova. Anzanga akusukulu sadziwa kuti ovaova n'chiyani, poti tonse tinabadwa mafoni atafala kale. Ndi wayilesi yolankhulirana ya m'galimoto: kabokosi kakuda komangidwa pansi pa dashibodi, eriyo yaitali padenga, ndi mayiki wa chingwe chopotanapotana. Ukadina batani la pamayikipo umalankhula, ukalisiya umamvera, ndipo pomaliza umati "ova" kuti mnzako ayankhe. Asekuru anali dalaivala pa kampani ina ya alonda. Pikapu yawo yoyera inkagona pakhomo pathu pano, ndipo ku ofesi ankatha kuwaitana nthawi ina iliyonse kuti kwakuti kwalira alamu, tengani alonda muthamangireko.

Chimene ankadana nacho pa dziko lino linali phokoso lolowa m'mayiki iwo akulankhula. Amayi amasimba kuti ovaova ikangoitana, Asekuru ankaimika dzanja lamanzere m'mwamba ngati wapolisi wapamsewu, kenako n'kulowa m'galimoto. Pamenepo pakhomo ponse pankayenera kuti zii. Wotsuka mbale ankazisiya m'madzi momwemo. Alendi, ochita lendi nyumba zakuseri, ankagwira ana awo pakamwa. Akamva kanthu ankakuwa m'Chitumbuka kuti, "Chongo!" ndiko kunena kuti phokoso, ndipo mawu amenewa sankabwera kawiri.

Amalume ali mwana wa pulayimale ankaweta nkhunda. Tsiku lina ankaziitana ndi likhweru, osaona kuti dzanja laimikidwa. Asekuru anamaliza uthenga wawo bwinobwino, anati "ova", anapachika mayiki, anatuluka mosapupuluma, n'kumuwomba mwanayo mpaka anakagwera pa khola la nkhundalo. Dzino analitola m'fumbi ndi Amayi. Agogo aakazi, amene ine sindinawaone, analira tsiku lonse, akufunsa ngati kabokosi kachitsulo kamaposa mwana. Asekuru anangoyankha kuti kumbali ina ya kabokosiko kulinso mwana wa munthu. Palibe anamvetsa chimene ankatanthauza.

Tambala wa alendi ena anakwera pa boneti n'kulira uthenga uli mkati. Anamupotokola khosi, n'kukamupereka kwa eni ake akuphiriphithabe.

Chodabwitsa n'chakuti Loweruka lililonse m'mawa madalaivala anzawo ankabwerabe ndi magalimoto awo kuti awakonzere ovaova, ngakhale ankadziwa kuti abwerera makutu atatentha ndi chipongwe. Asekuru ankati phokoso lambiri dalaivala amalikweza yekha m'galimoto ngati matola: windo lotsegula mphepo ikuwomba, nyimbo, alonda akukangana za mpira. Koma lina limabadwira mu injini. Ankamuuza mnzawoyo kuti adine batani osalankhula kanthu, aponde mafuta, iwo akumvera pa ovaova yawo. Kukamveka kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu, kokwera ndi kutsika motsatira phazi, ankati alitaneta, yotchaja batire, yalowa m'mawu. Kukamveka te te te, ankati ndi mapulagi. Ndiye ankapinda msana kulowa pansi pa dashibodi, ndipo kawirikawiri ankapeza chimene ankachiyembekezera: wina waba moto wa ovaova pa waya wa nyimbo kapena wa choyatsira fodya. Ankauzula mwaukali n'kukoka waya wina wonenepa kuchokera ku batire kwenikweniko, osaudutsitsa pafupi ndi mawaya a mapulagi. Pomangirira waya wachiwiri ku thupi la galimoto ankapala penti ndi dzimbiri ndi mpeni mpaka chitsulo chiwale, ndipo ankachitanso chimodzimodzi patsinde pa eriyo. Ankati dzimbiri ndi miseche ya chitsulo, mawu akadutsapo amakafika atasanduka ena.

Mayiki aliyense ankamuveka kasiponji kodula ku matiresi akale n'kumanga ndi legeni, kuti mphepo ndi mpweya wapakamwa zisamaphulike m'khutu la womvera. Pa kabokosipo pali kopotokola kowonjezera mphamvu ya mayiki. Anyamata ankakonda kukapotokola mpaka kumapeto, poganiza kuti akamveka kutali. Asekuru ankakabweza pansi kwambiri, kuti mayiki azimva chokhacho chimene chili pamlomo. Malangizo awo anali akuti mlomo ugunde siponji, ndipo munthu azilankhula ngati akuuza mkazi wake za m'nyumba, chifukwa wokuwa samveka. Iwo eni ake ankafika pozimitsa ngakhale injini asanatsegule pakamwa.

Mnyamata wina wa ku Kawale anabwera kachitatu ndi vuto lomwelomwelo.

"Madala, ovaova yanu ija yayambanso."

"Nyimbo umazimitsa polankhula?"

"Aa, madala, imakhala pansipansi. Komanso ndi ya kwaya."

Asekuru anatenga sipanala ya mateyala n'kuphwanya wayilesi ya kaseti ili m'dashibodi momwemo. Mnyamatayo atawagwira mkono, sipanala inamupeza pa zala. Anamuuza kuti tsopano ovaova yake yakonzeka, azipita.

Mdani wawo wamkulu anali a Kachingwe, owotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda wathu. A Kachingwe ndi a ku Dowa, aafupi, anthabwala, ndipo mageti ambiri ndi mbaula za m'dera lino anapanga ndi iwo. Galainda yawo ikayamba kudya chitsulo, panalibe siponji imene ikanathandiza. Ankakalipirana pamwamba pa mpanda.

"A Kachingwe, zimitsani chinthu chanucho! Ndikulankhula ndi ku ofesi!"

"Auzeni a ku ofesiwo kuti kuno nakonso ndi ku ofesi! Ana anga mukuti adye ova?"

Tsiku lina Asekuru analumpha mpanda ndi nkhwangwa n'kudula chingwe cha galainda magetsi ali momwemo. Kunaphulika moto, nkhwangwa inabenthuka. A Kachingwe anatola chitsulo n'kuwamenya nacho paphewa, ndipo awiriwo anagubuduzana pa mulu wa malata akuthwa mpaka onse anafiira. Anawaleretsa ndi azimayi ochokera kotunga madzi. Asekuru anali mkulu wa mpingo, choncho kumpingo anawaimika kudya mgonero kufikira atapepesa. Sanapepese. Zaka zinapita anthu awiriwa osapatsana moni, akumva kutsokomola kwa wina ndi mnzake tsiku ndi tsiku.

Tsiku lotsatira maliro, tikukwecha mapoto amene tinabwereka kumpingo, ndinafunsa Amayi chimene chinawasandutsa bambo awo chotero. Anandiuza za a Nyasulu.

Asanalowe ntchito ya alonda, Asekuru ankayendetsa malole onyamula fodya m'maesiteti a ku Kasungu, pamodzi ndi mnzawo wakumudzi, a Nyasulu, amene anakulira naye limodzi. Lole iliyonse inali ndi ovaova yake. Tsiku lina chakumadzulo achifwamba anapingasa chipika mumsewu wafumbi umene a Nyasulu ankadutsa. Iwo anadina batani n'kukuwa. Asekuru sanali kutali, ndipo anamva zonse: injini ikulira, kaseti ikuimba, zikwanje zikumenya chitseko, mnzawo akuitana dzina lawo. Dzina la malo lokha ndi limene silinamveke. Anafunsa kuti uli pati, yankho linamira m'phokoso. Anafunsanso, linamiranso. Misewu ya m'maesiteti ndi yambiri ngati mizu ya mtengo, ndipo iwo anakhotera kolakwika. A Nyasulu anawapeza m'mawa mwake atatemedwatemedwa, mayiki akadali m'manja. Amayi akuti nyimbo imene inkaimba pa kasetiyo Asekuru ankaidziwa yonse kufikira ukalamba wawo, ndipo ikamveka pa wayilesi ya munthu aliyense ankadzuka n'kuchokapo.

Sindikulemba izi kuti ndiwayeretse. Amalume anali mwana, ndipo za a Nyasulu sankazidziwa n'komwe. Ndikungoti kuyambira tsiku limenelo Asekuru anakhala ndi mantha amodzi okha pa moyo wawo, akuti munthu adzaitana ali pa imfa, osamveka.

Za tsiku limene anthu akuno amawakumbukira nalo ndazimva kwa anthu awiri amene analipo. Woyamba ndi a Kachingwe. Wachiwiri ndi Mayi Banda a ku Area 25, amene ankakhala pa ovaova ya ku ofesi kulandira mauthenga a madalaivala, ndipo anabwera kumaliro akuyendera ndodo.

Linali Loweruka masana, ine ndisanabadwe, mafoni akadali a anthu ochepa. Sabata imeneyo akuba anali atathyola nyumba zingapo muno, ndipo pa nyumba ina anatema mayi ndi chikwanje m'mutu. Anthu anali ndi mkwiyo wosowa pouthira. Ndiye wina anaona geti lobedwa pa nyumba ya mayi uja litatsamira pa shedi ya a Kachingwe. Munthu wina anali atalisiya kuti alifupikitse, ndipo iwo sanafunse kuti lachokera kuti. Anthu anawagwira a Kachingwe kumsika akugula ndiwo.

Asekuru ankachokera kotula alonda, ali okha m'galimoto, pamene anapeza msewu wa pamsika utadzaza anthu. Anaona teyala likugubuduzidwa. Anaona mnyamata atanyamula chigubu cha petulo. Pakati pa gululo panali munthu wamfupi, malaya atang'ambidwa, nkhope yosazindikirika ndi magazi, akumukankhira uku ndi uku ndi zibakera ndi miyala. Anazindikira kuti ndi a Kachingwe poona jombo zopserera za kowotcherera.

Analiza huta n'kulowetsa mphuno ya galimoto pakati pa anthu. Poona yunifomu, ena anapatuka pang'ono. Asekuru anatsegula chitseko chakumanzere n'kutambasula mkono.

"Sanandiuze pepani, sanandiuze lowani," anatero a Kachingwe pondisimbira. "Anandikoka pa lamba ngati thumba la makala, kundipinda pansi pa dashibodi, n'kundiponda pamsana kuti ndisadzuke. Ndinati basi, Mtumbukayu wapeza mwayi, akandimalizira yekha."

Asanabwerere m'mbuyo, anthu anazindikira chimene chachitika. Anakokera mabenchi ndi ngolo kumbuyo kwa galimoto, wina n'kubaya mateyala akutsogolo. Panalibenso kopita.

Pamenepo Asekuru anachita zimene anachita moyo wawo wonse. Anakweza mawindo. Anazimitsa injini. Anagunditsa mlomo pa siponji n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Ofesi, ofesi, ndine Msiska. Ndili pamsika wa ku 23, pafupi ndi ogulitsa makala. Anthu akufuna kuwotcha munthu. Tumizani magalimoto, uzani apolisi. Ova."

Mayi Banda pondisimbira, atafika apa, anagogoda ndodo yawo pansi, ngati Asekuru akadalipo kuti akangane nawo.

"Mwana iwe, ndikuuze. Madalaivala enawa akaitana, ngakhale laphulika teyala lokha, umamva ngati dziko likutha. Koma agogo akowa! Mawu osalala ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Kumbuyo kwawo kuli zii, ngati ali kuchipinda. Ine ndinati ndi ndewu ya zidakwa, akuionera patali atakhala pamthunzi. Ndinawayankha kuti magalimoto onse ali kotula alonda, ina ikamasuka idutsa komweko. Munthu ali m'kamwa mwa ng'ona amalankhula choncho? Iwe tandiuza."

Asekuru anaitananso, mawu omwewo, kudekha komweko. Anayankhidwa kuti, "Ndamva kale, a Msiska, dikirani."

Panja anthu anali atayamba kugwedeza galimoto kuti aigubuduze. Miyala inkagwa padenga ngati matalala. Galasi lakutsogolo linachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude. Petulo anamuthira pa boneti, fungo n'kulowa mkati.

"Mtulutseni wakubayo!"

"Madala, musafere za eni!"

"Ndi amodzi amenewa, awotchedwe onse!"

A Kachingwe ali pansi paja anati, "A Msiska, ndiponyeni panja. Mufa nane."

"Chongo!" anatero Asekuru, n'kuwadinda ndi chidendene.

A Kachingwe akuti anatembenuza mutu, ndipo ndi diso limodzi limene linkaonabe anawaona Asekuru akumuyang'ana mayiki uja ngati akumuona koyamba. Kenako analuma legeni, kung'amba siponji ndi mano n'kulavula. Kopotokola kaja, kamene anamenyerapo anthu, anakapotokola mpaka kumapeto. Anatsitsa windo ndi dzanja lawo lomwe. Anadina batani n'kutulutsa mkono wonse panja, mayiki ali m'mwamba pamwamba pa mitu ya anthu. Iwo sananene kanthu.

"Ofesi yonse inadzaza," anatero Mayi Banda, tsopano motsitsa mawu. "Miyala pa malata, azimayi akulira, munthu akuitanitsa machesi. Ndinamva bwinobwino mawu akuti bweretsani machesi. Bwana anatuluka mu ofesi mwake akuthamanga. Ndinaimbira apolisi."

Pa ovaova, wina akadina batani enawo sangalankhule, amangomvera. Choncho Mayi Banda sakanatha kuitana magalimoto ena. Koma sipanafunikenso kutero. Madalaivala onse a kampaniyo, kulikonse kumene anali, anamva phokosolo m'magalimoto mwawo. Malo anali atawamva kale momveka bwino, kawiri konse. Anatembenuka okha, alonda ali kumbuyo.

Asekuru sankadziwa zimenezi, chifukwa wodina batani samva yankho. Ankangodziwa kuti akalisiya, phokoso lileka kupita. Anthu anaumenya mkonowo ndi nkhuni kuti mayiki agwe. Wina anautema ndi chikwanje pansi pa chigongono. Magazi anatsetserekera pachitseko mpaka kudonthera a Kachingwe m'khosi, koma chala sichinachoke pa batani. Kenako njerwa inalowa pawindo n'kuwapeza pakhutu lakumanja. Mutu unagwera pa chiwongolero. A Kachingwe amalumbira kuti ngakhale pamenepo dzanja linali chigwirire.

Machesi anapezeka. Koma azimayi ogulitsa makala ndi mafuta ophikira anamukangamira mnyamata amene anawatenga, osati chifukwa cha chifundo, koma poopa kuti moto ukayaka utenga ndi mabenchi awo omwe. Akulimbana choncho, huta inamveka kuchokera mbali ya ku Chipasula, ina kuchokera kumtunda. Woyamba kufika anali mnyamata wa ku Kawale uja, alonda atadzaza kumbuyo, agalu akuuwa. Apolisi anafika pambuyo pake. Gulu linabalalika, mumsewu n'kutsala miyala ndi mapatapata opanda eni.

Onse awiri anatuluka amoyo. A Kachingwe diso lakumanzere linafa, nthiti zinathyoka. Amene anasiya geti uja anagwidwa patapita masabata, ndipo anthu omwe ananyamula miyala anayambanso kubweretsa mbaula zawo kuti aziwotcherere, akupereka moni ngati palibe chinachitika. Asekuru mkono wakumanja sunawongokenso, ndipo khutu linagontha. Koma silinagonthe mwakachetechete. Mkati mwake munatsala mluzu wosatha, umene adokotala anati alibe nawo mankhwala. Ntchito inathera pomwepo. Kampani inati galimotoyo ndi yosakonzeka, inawapatsa pamodzi ndi ovaova yake, ndipo anaikokera pakhomo pano n'kuikhazika pa njerwa.

Ndikanakonda kulemba kuti iwo ndi a Kachingwe anasanduka abale, koma sizinali choncho kwenikweni. A Kachingwe atachira anabwera ndi nkhuku. Asekuru anailandira n'kufunsa ngati galainda ija yafa. Ankakalipiranabe pampanda, kungoti tsopano mawu anasintha.

"Mukanandisiya tsiku lija, bwenzi muli pamtendere, a Ovaova!"

"Ndinkafuna ndidzakuphe ndekha, iwe!"

Kumpingo anawabwezera pa mgonero osapepesa. Akuti a Kachingwe, amene si a mpingo wathu n'komwe, anapita okha kwa akulu a mpingo kukawafunsa kuti kupepesa kwina kumene akudikira n'kotani.

Asekuru amene ine ndinawadziwa anali okalamba kale, oonda, okhala m'galimoto yakufa ija kuyambira m'mawa. Batire ankatumiza kukatchaja kwa ometa tsitsi. Ovaova ankaiyatsa tsiku lililonse, ngakhale kampani inali itasamukira ku mafoni ndipo kumbali inayo kunalibenso munthu. Ankaitsegula mpaka m'galimoto monse muzingomveka shiii, ngati mvula ya pa udzu. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti akudikira kuitanidwa. Nditakula ndinawafunsa powapatsira tiyi, ndipo anandiuza kuti phokoso limenelo lokha ndi limene limaphimba mluzu wa m'mutu mwawo, likakhalapo amatha kuganiza ndi kupemphera. Ine sanandimenyepo. Koma ndikagwetsa sipuni ndinkaona phewa lawo likudzidzimuka, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wakale uja akadali momwemo.

Atadwala komaliza anawasamalira ndi amalume a Wongani. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Ndinkamvetsera mwachidwi kuti mwina tsiku lina ndimva mawu opepesa pakati pawo, koma sindinawamve. Asekuru anangowauza kuti asadzavutike kuwatengera ku Rumphi, adzawaike konkuno. Amalume anati chabwino, adada. Ndikuganiza kuti anthu ena amakhululukirana ndi manja, ndipo ndikufuna kukhulupirira kuti awiriwa anatero.

Loweruka lapitali akuluakulu anagwirizana kuti galimoto ichoke, poti inayamba kusunga makoswe. Amalume anamasula ovaova n'kupita nayo kwawo ku Biwi atakulunga m'chitenje. Woduladula chitsulocho panalibenso wina koma a Kachingwe. Anabwera ndi ana awo awiri, iwo n'kumangoloza podula. Atafika pa chitseko cha dalaivala anawaletsa, anati chimenecho amasula okha. Pochipendeketsa, munatuluka timagalasi tambirimbiri. Linali windo limene Asekuru anatsitsa tsiku lija. Linaswekera mkati mwa chitsekocho, ndipo linakhala momwemo zaka zonsezi. A Kachingwe anakhala pansi, anatiyang'ana timagalasito nthawi yaitali, kenako ananyamula chitsekocho pamutu n'kupita nacho kwawo osatsanzika.

Pamene panali galimoto patsala malo aatali a dothi lakuda, lolimba ndi oyilo, opanda udzu ngakhale umodzi. M'makona mwake muli milu inayi ya njerwa, imene palibe wafuna kuichotsa. Pakhomo pathu pakuoneka pakulu modabwitsa, ndipo dzuwa lam'mawa tsopano likumafika mpaka pakhonde. Amayi akuti akufuna kudzalapo mpiru, koma pafunika kukumba dothi lonse lakudalo n'kubweretsa lina. Ndasesapo kangapo. Ndikamaliza pamaoneka poyera, koma mvula ikangowaza pang'ono timagalasi tina timatulukanso m'dothi, ndipo ana a alendi amatitola n'kumatiyang'anira kudzuwa.